Mi wa Phyllis

Lolemba, 2 Seputembala

Loweruka tidzavundukula mwala pa manda a mkazi wanga, Phyllis. Ndapempha chinthu chimodzi chokha: kwaya ya mpingo wathu wa ku Nangongwe, imene ndinkaitsogolera kale, idzayimbe nyimbo imene iye ankaikonda ndi pakamwa pokha, monga tinkachitira iye akuyimba alito.

Lachitatu, 4 Seputembala

Ndinapita kukamvetsera akukonzekera. Luckson, amene akutsogolera kwaya tsopano, anali atayalika kiyibodi ndi masipika awiri.

"Shani, ba Tembo! Nkhalani pafupi na sipika, mumvele bwino," anandilonjera motero.

Ndinakhala kumbuyo. Amakweza mpaka besi kumalira ngati lata lozuka msomali, mawu a nyimbo n'kung'ambika osamveka. Koma chondiwawa kwambiri si phokosolo ayi. Anthu akamayimba do, mi, so akumverana, mawu atatuwo amakhazikika phee, ngati madzi m'ndowa imene yatulidwa pansi. Mi wa kiyibodi ndi wokwera pang'ono, choncho madziwo sakhazikika. Phyllis ankamutsitsa mi wake mpaka tchalitchi chonse n'kudekha.

Ndinamufotokozera Luckson mwaulemu, foloko yanga yoyambitsira nyimbo, kachitsulo kolira do ukakamenya, ili m'dzanja. Iye akuti, "Madala, kiyibodi siinama." Atsikana a soprano anaseka.

Lachinayi, 5 Seputembala

Mwana wanga Winfrida wabwera kuchokera kumene amakhala ku Estates. "Atate, banthu bazabwela bambili, bafunika kumvela. Musatichititse nsoni." Kiyibodi idzakhalapo. Mwala ndi wa mkazi wanga, koma nyimbo si yanganso.

Lachisanu, 6 Seputembala

Ndapemphera kuti magetsi azime mawa. Sindinapempherepo chinthu chotere chibadwire.

Loweruka, 7 Seputembala

Anazimadi, m'tchalitchi, pakati pa ndime yachiwiri. Masipika anangoti zii. Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira, ndipo kwaya inapitiriza ndi pakamwa pokha.

Ndinatchera khutu kwa a alito. Mi anali wokwera. Wa kiyibodi yemwe uja, kiyibodiyo ili chete. Ayimba nayo nthawi yaitali, yawalowa m'makutu. Ngakhale Winfrida, amene anaphunzira alito pamiyendo ya mayi ake, anayimba wokwera yemweyo, misozi ili m'masaya.

Anthu anaomba m'manja. Luckson anadzandigwira dzanja: "Mwaona, madala? Olo kulibe malaiti tili che bwino."

Kumanda, nsalu yophimba mwala itachotsedwa ndipo anthu akubwerera ku minibasi, ndinatsalira. Ndinamenya foloko pa bondo, ndi kuiimika pa mwalawo. Mwala unalira do womveka bwino. Ndinayimba mi wa Phyllis pamwamba pake, ndipo mawu awiriwo anakhazikika. Kenaka foloko inaleka kulira, ine n'kutsala ndekha ndi mi wopanda pomuyezera.

Winfrida anaitana kuti minibasi ikudikira. Foloko ndaisiya pamwalapo.