Salepu wa m'dambo la Nurettin

14 Meyi
Chipale chasungunuka m'phiri, dambo lathu madzi mpaka m'akakolo. Maluwa a salepu atuluka, ofiirira, kumunsi kwa misondodzi. Chigwa chonse chino atsala pano pokha. Kwina amalonda a ayisikilimu anakumbitsa n'kumaliza kalekale, pofuna timbatata ta pansi pa duwali, topangira ufa wa salepu wothira mu ayisikilimu ndi womwera mu mkaka pochiza chifuwa.
Nurettin, mwamuna wanga, sanawaone chaka chino. Chifuwa. Kutsokomola ngati akung'amba nsalu. Wandifunsa ngati achuluka, ndati eya. Munthu ameneyu moyo wake wonse kulondera maluwa, kudana ndi mudzi, kuchedwa kumweta udzu mpaka njere zigwe. Ng'ombe zathu kuonda chifukwa cha duwa! Ndinkamunena, ndipo ndikadamunenabe akanakhala ndi mphamvu zondiyankha.

17 Meyi
Mankhwala a kuchipatala ngati akumwa madzi. Mlamu wanga Hediye wabwera ndi pakamwa pake paja. "Iwe mlamu, mankhwala ali kuseri kwa nyumba, ukudikira achimwene afe kaye? Salepu wa m'sitolo ndi ufa wachabe, wonamizira ana." Ndamuuza kuti achimwene akewo akanakhala bwino akanamuthamangitsa ndi chikwakwa. Waseka. Ine ayi. Ndili ndi mantha.

19 Meyi
Magazi pa mpango wa Nurettin.
Ndakumba. Pang'ono pokha, kumapeto, kosaonekera pa zenera. Duwa lililonse lili ndi timbatata tiwiri pansi, kofota ka chaka chatha ndi konenepa ka chaka chamawa. Ndatenga konenepa, duwa ndalibwezera m'dothi n'kuponda ndi chidendene, monga ankachitira amayi. Ndatiwiritsa mu mkaka, ndatitunga pa ulusi, ndayanika padenga la khola.

22 Meyi
Mkazi wa Dursun, neba wathu, anandiona tsiku lija. Lero ndapeza anthu m'dambo, makasu, matumba, ndi nkhalamba zomwe. Ndakuwa mpaka mawu kusasa. Dursun osaweramuka n'komwe. "Mayi, mwayamba ndinu eni ake. Ife timaopa a Nurettin, osati duwa. Nafenso kwathu kuli zifuwa." Zifuwa zanji, galimoto ya wogula itaima pamsewu! Kubwezera m'dothi sakudziwa, angozula n'kutaya kumbuyo.
Nurettin anamva phokoso. Ndamuuza kuti mbuzi zinalowa m'munda.

27 Meyi
Dambo ngati mwadutsa nguluwe. Ndayenda monse kufuna limodzi loima. Palibe. Amene ndinabwezera ine anapondedwa, afota. Ndatola ozulidwa n'kumakwirira ngati wamisala, chonsecho popanda kambatata sangaphukenso.
Hediye wasowa, ngakhale kudzazonda wodwala. Mkazi wa Dursun watumiza buledi wotentha, ndapatsa nkhuku. Ndakwiya ndi mudzi wonse, koma kwambiri ndadzikwiyira ndekha.
Nurettin wafunsanso za maluwa. Akuti njuchi zikubwera? Ndati zikubwera.

2 Juni
Timbatata tauma gwa ngati miyala. Ndasinja, ndasefa, ndaphika mu mkaka, ufa wonunkhira wa sinamoni pamwamba. Nurettin wamwa kapu yonse, koyamba kumaliza kanthu chiyambire kudwala. Chifuwa chinakhala kaye phee. Ndinatembenukira kukhoma kuti asaone misozi.
Wanyambita milomo, wandiyang'ana nthawi yaitali. "Uyu ndi weniweni, Zekiye. Wamupeza kuti?" Ndati Hediye anachita kuitanitsa kwa anzake a ku mzinda wakutali wa Van. Wangogwedeza mutu, n'kunena kuti anthu a kumeneko nawonso adzalira tsiku lina.
Kenako akuti wapezako mphamvu. Akuti mawa dzuwa likatentha ndimugwire mkono, titsike pang'onopang'ono, akaone maluwa ake asanafote. Ndati dikirani muchire kaye. Akuti maluwa sadikira munthu.
Wandiuza ndimutulutsiretu nsapato. Ndaziika pakhomo.