Zikhalo ndi Anzake

Lachiwiri, 9 Novembala 1999

Zione kwa Salome, 08:14
salo, kalata ya komiti ndataipa ndine. malo okaphunzira kunja ndi amodzi basi. awerenga kt pepala la aliyense latchulidwa kangati ndi ofufuza ena

Salome kwa Zione, 10:02
ndangokwera kumene pachulu, kumunda netiweki kulibe. ndiye zili bwino. pepala langa la chiwawu cha kachewere latchulidwa ka 23

Zione, 10:05
ka 23 eya. koma pa dzina la a Linus Zikhalo. pa lako alemba 0

Salome, 10:06
0 bwanji? mayina alipo atatu, iwo, ine ndi abwana

Zione, 10:09
buku lomwe amawerengeramo limasunga dzina loyamba lokha. enanu ndinu "ndi anzake". a komiti asayina lachisanu 12 koloko

Zione, 10:11
nanga unawaikiranji patsogolo? zaka zitatu m'mizere unali iwe. iwo anangojambula magirafu

Salome, 10:40
ndikuuze chinthu, usauze munthu. anandifunsira pa Pasaka ya 96, m'mapaini a m'phiri. tinapangana kubisa mpaka polojekiti ithe

Salome, 10:43
potumiza pepala ndinachita manyazi kukhala pamwamba pa mwamuna wodzandikwatira. mayi akanati sanandilere. ndinasintha ndekha tsamba loyamba

Zione, 10:44
iwe salo. zaka zitatu tikudyera mbale imodzi osandiuza

Salome kwa Linus, 10:52
a Linus, mwamva za komiti? ndili pachulu mpaka 12

Salome kwa Linus, 11:58
ndikutsika. ndikwera mawa

Lachitatu, 10 Novembala

Linus kwa Salome, 07:31
Ndamva. Sindinapemphe ine kuti ziwerengedwe choncho, Salo.

Salome, 09:15
ndikudziwa. lembani mzere umodzi kwa komiti, kt ntchito inali yanga. zione aupereka

Linus, 09:48
Ndikapita ine ndiye kuti tapita tonse. Zaka zinayi si kanthu. Ndikabwera tidzatuma ankhoswe.

Salome, 09:50
munanenanso choncho za polojekiti. sindikupempha malo. ndikupempha mzere umodzi

Salome, 09:57
paja munati tsiku lomwe dziko lidzadziwe dzina langa mudzaimirira pakhomo la tchalitchi kuuza aliyense

Salome, 12:20
a Linus

Lachinayi, 11 Novembala

Salome kwa Zione, 11:03
ndadutsa pa Chimbiya. amayi onse ogulitsa kachewere andiitana ndi dzina. akubzala mmene ndinawasonyezera, akuti "mizere ya Salome". awerenge amenewo

Zione, 11:20
ndawauza abwana. akuti alimi salemba mapepala

Zione, 11:24
akutinso tsamba lathu la pa intaneti laonedwa ka 412, komiti yasangalala. pamwamba pake palembedwa Zikhalo ndi anzake

Salome, 11:26
abwana akudziwa amene ankagwada m'matope

Zione, 11:31
akudziwa. akuti mwini dzina akalemba yekha, komiti imva. popanda apo nambala ndi nambala

Salome, 11:33
alemba. sukuwadziwa iwe. amakonda kudzidzimutsa munthu pa mphindi yomaliza. mphete anaibisa m'thumba la mbewu mlungu wathunthu

Zione, 11:34
mm

Lachisanu, 12 Novembala

Salome kwa Zione, 08:50
afika?

Zione, 09:12
afika. alowa kwa abwana, envulopu kumanja

Salome, 09:13
ndinakuuza

Salome, 10:30
zione?

Salome, 11:45
zione yankha plz, batire ikutha

Zione, 12:07
asayina. muenvulopumo munali zithunzi za pasipoti. ndimasowa pokuyambira

Zione, 12:09
potuluka andifunsa ngati uli bwino. ndangopitiriza kutaipa

Zione, 12:40
tsika pachulupo mchemwali, kuno kwada mitambo. ubwere kwathu ku Linthipe, ugone konkuno

Salome kwa Linus, 15:18
pepala lachiwiri ndinamaliza sabata yatha, la mbewu zosagwidwa chiwawu. ndimafuna ndikudzidzimutseni nalo

Salome kwa Linus, 15:21
lili apa m'chikwama, tsamba loyamba lokha ndi lomwe latsala. ndiuzeni, pamwamba ndilembe ndani?

Salome kwa Linus, 16:55
mvula yayamba. ndikadali pachulu