Dzanja la Mkamwini pa Bolodi la Tchesi

Guilleme, Mchinji
18 Ogasiti 1997

Wokondedwa mwana wanga Stelia,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi ana ku Chipatako. Kuno amayi ako akusenda mtedza ndipo ali bwino. Ine thupi lilibe vuto, koma mtima sukukhazikika.

Wamva kale kuti pa mpikisano wa tchesi ku boma, mayere anandigwetsera amuna ako, a Kefasi. Anthu anaseka kuona mpongozi ndi mkamwini atayang'anizana pa tebulo limodzi. Ine sindinaseke.

Ndinatsegula ndi chiyambi cha Chisipanishi, chimene wansembe wina anandiphunzitsa pamishoni pano ndili mnyamata: msilikali wa patsogolo pa mfumu, kenako kavalo, kenako bishopu kukaopseza kavalo wa mnzako. A Kefasi anayankha mwadongosolo, maso ali pansi, monga amachitira pakhomo panga.

Masewero atafika pakati, iwo anaganiza nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono, nanena motsitsa mawu kuti akuona ngati tafanana mphamvu, masewero athere pomwepo popanda wopambana. Dzanja la mkamwini ndikanalikana bwanji pagulu? Ndinalilandira.

Nditafika kunyumba ndinayalanso bolodi monga linalili. Stelia, kavalo wawo akanalumpha kamodzi kokha, akanaopseza mfumu yanga ndi mfumukazi nthawi imodzi, ndipo ine ndikanagonja. Ndaliyala ndi kuliyalanso, mpaka amayi ako akuti alisonkhezera pamoto.

Tsono ngati sanaone, palibe mlandu. Koma ngati anaona nandileka chifukwa ndine mpongozi, ndiye kuti ndasanduka nkhalamba yoimvera chisoni. Ndayamba kukayikira ngakhale amene ndinawagonjetsa chaka chatha, pakuti ambiri ndinawaphunzitsa m'kalasi.

Mwambo sundilola kuwafunsa ndekha, ndipo iwo sangandiuze zoona. Iwenso usawafunse, angachite manyazi. Ungowauza kuti ndikuwapempha abwere mwezi usanathe. Bolodi ndalisiya pakabati, chilichonse pamalo pake, ndipo osuntha ndi iwo. Ulemu ausiye pakhomo pamodzi ndi nsapato. Akaona posunthira kavaloyo, asunthe, andigonjetse amayi ako akuona. Nkhuku ndidzawaphera ndithu.

Ambuye akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa adzukulu anga, ndi kwa a Kefasi, moni wamba wopanda mawu ena.

Ndine bambo wako,
Enoki B. Mbewe