Kabokosi Kotentha ka Alamu Anu

14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana nonse kumeneko. Musadabwe kuti ndatenga pepala ndi cholembera ngati munthu wakale pomwe foni ilipo. Pa foni mukandifunsa kuti kuli bwanji ndimangoti kuli bwino, chifukwa alamu anu amakhala ali pomwepo makutu ali tcheru, ndipo nyumba yathu mukuidziwa, ukatsokomola kukhitchini wa kuchipinda amati pepani. Lero ndikufuna ndikuuzeni zoona zake, ndiye mupeze pokhala.

Mukukumbukira kuti matenda a mitsempha aja atawagwira miyendo alamu anu, adokotala ananena kuti dzanzi likhoza kuima pomwepo, kapena likhoza kukwera mpaka m'manja. Iwo anagwira mawu oyambawo, enawo n'kuwataya panja pa chipatala. Sindiwaimba mlandu, pakuti munthu wojambula mapulani a nyumba manja ndiwo munda wake. Abwana awo anadikira miyezi yonseyi osalemba wina, koma mwezi wathawu anabwera kudzawaona, ndipo sanapite m'mbali. Anati pali pulani ya sukulu ya mkaka. Akaijambula kunyumba kuno n'kuitumiza pofika Lachisanu la sabata yathayi, ntchito ikhalabe yawo, azigwirira pa chikuku pomwepo. Akalephera, alemba wina. “Sindikukuthamangitsani, akulu,” anatero abwanawo akupukuta thukuta, “koma nanenso eni sukulu akundipanikiza.”

Vuto linali kompyuta. Yakale ija ndi chimphona. Tikaiika pansi pa tebulo, chikuku sichilowa. Tikaiika pamwamba, chigongono chimasowa malo. Ndiye alamu anu anati apanga okha ina yaing'ono, yosaposa bokosi la nsapato, yoti izikhala pa kashelefu ka pambali pa bedi. Tsiku limene zipangizo zinafika ndinamuona mwamuna wanga akuseka koyamba chichokereni kuchipatala. Ndinathawira kubafa kukalira, ndipo sindichita manyazi kunena.

Anapangira pa thireyi ya tiyi imene ndinawaikira pamiyendo, ine ndikuunikira ndi foni. Ndinaphunzira zambiri zosafuna. Akuti mtima wa kompyuta ndi kachitsulo kotchedwa purosesa, kakang'ono ngati bisiketi, koma kakayamba ntchito kamatentha ngati mbaula. Pamwamba pake amadontheza timankhwala totuwa tonga phala, kadontho kamodzi basi, kenako amakhazikapo chitsulo china chokhala ndi zipsepse ndi fani, chimene chimayamwa kutenthako n'kukuuluza. M'bokosi lalikulu mpweya umayenda mwaufulu, koma m'kabokosi kakang'ono waya aliyense amafunika kumupinda ndi kumumanga kuti asatseke njira, fani ina izikoka mpweya, ina izitulutsa.

“Kali ngati basi yodzaza, mayi,” anandiuza. “Osatsegula mawindo mbali zonse ziwiri, anthu akomoka.”

“Ndiye bwanji osangogula basi yaikulu?” ndinawaseka.

“Yaikuluyo iima pamutu panu?”

Tinaseka ndithu. Koma achemwali, masikuluwu ankagwa. Limodzi, kenako lina, kenako linanso. Anadzudzula sikurudiraiva kuti ndi yotchipa, anadzudzula thireyi kuti ikugwedera, anadzudzula ine kuti ndikuunikira denga. Ine ndinkangotola m'bulangete n'kumawapatsa. Maso anga ankaona, koma mtima unkakana.

Kompyuta inayaka bwinobwino. Apongozi, amene akukhala nafe chiyambire matendawa, anaomba m'manja mpaka oyandikana nawo anasuzumira. Alamu anu anayamba kujambula, makoma n'kumatuluka, mawindo n'kumakhala m'malo mwake. Koma atangoilamula kuti isonkhanitse zonse ipange chithunzi cha nyumba yathunthu, chimene eni sukulu ankafuna, fani inayamba kulira ngati ikufuna kuuluka. Pa ngodya ya sikirini pali kanambala kosonyeza kutentha. Kanakwera ife tikuona, mpaka kanafiira, kenako zii, mdima. Ntchito ya m'mawa wonse inapita.

Anayatsanso. Chimodzimodzi. Tsiku lotsatira chimodzimodzinso.

Lolemba la sabata yomaliza tinaganiza kuti tamugwira wakuba. Mukuwadziwa apongozi ndi tinsalu tawo toluka. Wailesi yavala, TV yavala, firiji yavala, ndipo ndikanakhala chete nthawi yaitali nanenso akanandifunditsa. Ndiye anali atalukira kabokosiko kansalu kake koyera, kamaluwa m'mbali, n'kumakavundikira kumbuyo ndi pamwamba alamu anu akatembenukira ku sikirini, ati fumbi lingawonongere mwana wawo chuma. Alamu anu atatembenuza chikuku n'kuona, anakuwa mawu amene sindinawamvepo chikwatirane.

“Amayi! Mukufuna kundipha? Kakupuma pati pamenepa?”

“Ine ndimati ndikuthandize, mwana wanga.”

“Musandithandize! Aliyense m'nyumba muno akundithandiza mpaka ndifa nazo!”

Apongozi anatenga kansalu kawo, anakapinda bwinobwino, n'kupita kukhitchini. Ndinawapeza akutsuka kapu imodzi yomweyo mobwerezabwereza. Ndipo choipa n'chakuti kansaluko kanalibe mlandu waukulu. Titakachotsa, kompyuta inangopirira pang'ono, kenako inazimanso monga kale.

Kuyambira pamenepo tinasowa mtengo wogwira. Tinakachotsa kabokosiko pafupi ndi khoma. Tinang'amba kapepala kopepuka n'kumakayandikiza pa timabowo kuti tione kumene mpweya ukulowera, n'kupeza kuti fani imodzi inamangidwa chagada, zonse ziwiri zikukoka, palibe yotulutsa. Tinaitembenuza, chiyembekezo n'kubwera, madzulo ake zii. Tinachotsa chivundikiro chonse n'kulozetsapo fani yaikulu ya pabalaza, ife n'kumasamba thukuta, kabokosi kakukupizidwa mphepo ngati bwana. Apongozi ali pakhomo anafunsa chapansipansi ngati sitingakaike m'firiji pang'ono. Palibe anaseka. Alamu anu anaimbira mwini sitolo yomwe anagulako zipangizo, ndipo iye anati chitsulo chimenecho n'chokwanira, ambiri agula osadandaula, mwina pali pamene sanamange bwino. Anamudulira foni asanamalize.

Lachitatu masana itazimanso, sanakuwe. Kukuwa kukanakhala bwino. Anandipempha kuti ndiwathandize kukwera pabedi, anatembenukira kukhoma, n'kunena kuti ndiwaimbire abwana alembe wina. Achemwali, ndinaopa. Msana umenewo ndinauyang'ana miyezi yambiri atangotuluka m'chipatala, osadya, osalankhula, ndipo ndinadziwa kuti akabwererako ulendo uno sindidzawabwezanso. Mantha anga anasanduka ukali, mukundidziwa.

“Sindiimba,” ndinatero. “Foni iyo, imbani nokha. Munamanga ndinu, masulani ndinu. Mwayang'ana fani, mwayang'ana khoma, mwawakalipira amayi anu, koma pansi pa chitsulo chija simunayang'anepo. Mukuopa chiyani?”

“Pamenepo ndinamanga bwino.”

“Ndiye tikaona tidzakuyamikirani.”

Foniyo sanaikhudze. Koma Lachinayi m'mawa, ndikukonzeka kupita ku saluni kumene ndimaluka tsitsi, ndinamva akuti, “Mayi, bweretsani thireyi.” Ndinatumiza uthenga kwa makasitomala anga kuti ndadwala.

Anati ndimasule ine masikuluwu, poti kuwala sikunali bwino. Dzuwa linali phwee m'chipinda monse, koma ndinamasula. Chitsulo cha zipsepse chitachoka, anandipatsa kansalu konyowetsa ndi spiriti kuti ndipukute phala lija pansi pake, tiikepo latsopano. Ndikupukuta, chala changa chinamva kamzere m'mphepete, ngati pamene pathera selotepi. Ndinakodola ndi chikhadabo. Kanayamba kusendeka kapulasitiki kopyapyala, koonekera mbali zonse ngati madzi, kokuta pansi ponse pa chitsulocho. Ndinakakweza m'mwamba n'kufunsa ngati kameneka n'kofunika.

Alamu anu anakayang'anitsitsa. Patapita nthawi anandiuza ndi mawu otsika kuti kameneko amaika ku fakitale kuti chitsulo chisakandike m'njira, ndipo munthu amayenera kukachotsa asanamange. Kakatsala, kutentha sikudutsa, purosesa imangodziphikira yokha mkati. Ine ndinayamba kuseka ndi chisangalalo, ndinati basi tapulumuka, kanthu kochepa chonchi kutizunza sabata zonsezi! Ndiye ndinaona kuti iwo sakuseka.

“Ndinapakhudza, mayi,” anatero. “Ndikudziwa kuti kamakhalapo. Sindinakaone ndi maso, ndiye ndinayendetsapo chala, pakati ndi m'mphepete momwe. Ndinati anachotsa kale.”

Anatambasula dzanja lamanja, chikhatho m'mwamba, n'kutsinzina.

“Takaikani pa chala ichi. Mukaika mundiuze ndisanatsegule maso.”

Ndinakaika. Ndinakadinikiza ndi chala changa. Ndinalowetsa ngakhale chikhadabo pa nsonga ya chala chawo mpaka panatsala chizindikiro. Iwo ali chitsinzinire anati, “Ikanitu, mukudikira chiyani?”

Anatsegula maso okha, anaona kapulasitiki kali pa chala, anaona nkhope yanga. Sitinalire, mwina chifukwa apongozi anali kuseri kwa chitseko akusesa. Ndinawafunsa kuti zinayamba liti. Anati zipangizo zisanafike n'komwe. Anati n'chifukwa chake anasiya kuvala malaya a mabatani n'kumanamizira kutentha, ndipo ankaganiza kuti akamanga kompyutayo ndi manja awo, ndiye kuti manjawo akadali bwino. Nanenso ndinawauza kuti masikuluwu aja ndinkawaona. Tonse awiri tinkabisirana chinthu chimodzi m'chipinda chimodzi.

Kenako anayang'ana wotchi n'kuti, “Mawa ndi Lachisanu. Sambani m'manja.”

Ndinamanga ine, iwo akulankhula. Kadontho ka phala pakati penipeni, osapaka ndi chala. Chitsulo chitsike chowongoka, osachigwedeza. Masikuluwu omangidwa mopingasa, ili kenako la kutsidya, pang'onopang'ono, kuti mbali ina isakwere. Titatseka chivundikiro n'kuyatsa, analamula chithunzi chija, tonse maso pa kanambala. Kanakwera. Fani inayamba kung'ung'udza. Kanakweranso, ine mtima uli m'mwamba, ndikupemphera mawu osamveka. Kenako kanaima, osafiira, n'kukhala pomwepo mpaka sukulu yonse inatuluka pa sikirini, denga lake, khonde lake, ndi timipando ta ana. Ndinaika dzanja kumbuyo kwa kabokosi n'kumva mpweya wofunda ukutuluka bwinobwino. Alamu anu anaitana amayi awo kuti adzaone, n'kuwapepesa pamaso panga.

Pulani inapita Lachisanu dzuwa lisanalowe. Mausi ya kompyuta alamu anu amaikankha ndi chikhatho, maso ndi amene akuwauza pamene dzanja lafika, ndipo malo ofunika kusamala ndinkadina ine iwo akuti apo, bwererani pang'ono, apo. Abwana ayankha kuti eni sukulu akondwa, ntchito ndi yawo, ina ikubwera sabata ya mawa. Abwanawo sakudziwa kuti pulaniyo yajambulidwa ndi manja anayi. Apongozi sakudziwa za zala, akungoyamika Mulungu kuti makina achira. Kwa adokotala tipita Lachiwiri, ndipo ndikuopa zimene akanene kuposa mmene ndinaopera kanambala kaja.

Ndiye ndili ndi zopempha. Amayi athu musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Mufunse kwa anzanu a kuchipatala kumeneko ngati dzanzi lotere limaima likafika m'zala, ndipo mundiuze zoona, osandinyengerera ngati mwana. Mukapeza malaya abwino aamuna opanda mabatani, oti munthu n'kuonekera nawo pamaso pa abwana, munditumizire awiri. Ndipo ngati mungathe kubwera pa tchuthi cha ana, bwerani. Ndatopa kulimba mtima ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mangawa a kucheza sindinaiwale. Ana muwapsompsone, wamkuluyo mumuuze alimbikire sukulu. Apongozi akupereka moni wambiri, akuti akukulukirani kansalu ka pa tebulo.

Alamu anu andipeza ndikulemba. Andifunsa ngati ndakuuzani zonse, ndavomera. Kenako ati ndiwapatse cholembera apereke moni okha. Chagwa kawiri. Ndafuna kuwalembera, akana, achigwira ndi chibakera chonse ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Mukaona zilembo zazikulu zopindika pansipa musaseke, komanso musalire, chifukwa atenga nthawi yaitali kuti azimalize ndipo anyadira.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Chitsirizira wa amayi

MONI ALAMU. NDALEMBA NDEKHA.