Mpando wa Zitenje Zanu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Esinati. Kuno ku Msakambewa tilipo, kungoti Juni wa chaka chino wabwera ndi mano. M'mawa nkhungu imatsika m'mapiri mpaka pakhomo, moti mbuzi zimakana kutuluka m'khola. Ndikudziwa kuti mukufuna kumva za Abambo kaye. Ali moyo, musadzidzimuke, ndipo pamene ndikulemba pano akukalipira nkhuku. Koma nkhani yawo ndi yaitali, ndiye mundilole ndiyambe ndi zing'onozing'ono, ngakhale munkadana ndi munthu wozungulira polankhula.

Mkazi wa Yosefe anachira mu Epulo, mwana wamkazi. Tinamutcha Feliya, dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe, ndipo akamalira sapempha, amalamula. Chimanga tapata chokwanira, mtedza ndiye wachita bwino kuposa chaka chimene munatisiya. Soya yekha anatinamiza. Mlongo wanga Yosefe wadinda mabelo ake a fodya, ndipo masiku ano akuyenda mapewa ali m'mwamba. Nkhuku zanu zamawanga zija chitopa chinasesa, inatsala imodzi yokha, ndipo ndi imeneyo imene Abambo akulimbana nayo.

Tsopano za Abambo. Inu mukudziwa bwino kuti anabwera kuno ali mnyamata, mkamwini wochokera kumapiri a Ntchisi. Titakuikani m'manda, itafika nthawi yosudzula, mlongo wanu anaimirira n'kunena mwamwambo kuti a Phiri ndi omasuka, akhoza kubwerera kwawo kapena kukhala ndi ana awo. Abambo anangoti, "Nanga mango angawa ndisiyire yani?" Anthu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mu Febuluwale anagwa m'munda. Tinawanyamula pangolo mpaka pamsewu, kenako pagalimoto mpaka kuchipatala cha Mtengowanthenga, ndipo kumeneko anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja ndi mwendo wakumanja zitafooka, mawu akutuluka limodzilimodzi. Anamwino anatilangiza kuti asamangogona, tiziwakhazika tsonga, aziothera dzuwa ndi kuona anthu. Kunena n'kosavuta, Amayi. Pa mpando wawo wa ndalema ankapendekera kumbali yofookayo mpaka kutsetsereka. Pa mpando wathabwa anagwa, natemeka pachipumi. Kuyambira tsiku limenelo anakana kutuluka. Ankangogona pabedi atayang'ana kukhoma, ndipo m'chiuno munayamba chilonda.

Ali choncho kunatulukira Mateyu, msuweni wanga, mwana wa azakhali aku Ntchisi. Anabwera pa njinga yamoto, matope mpaka m'makutu. Mukudziwa kuti ine ndi Mateyu tikakumana timatukwanizana mwachisuweni mpaka misozi ya chiseko, koma tsiku limenelo panalibe woseka. Analowa kuchipinda, anakhalako pang'ono, anatuluka nkhope itasintha.

"Msuweni," anatero, "ife tinakusiyirani munthu woyenda, lero ndapeza mtolo uli pabedi. Mvula ikatha, msewu ukauma, ndibwera ndi galimoto. Amalume anga akafere kwawo."

Ndinapsa mtima, koma ndikanayankha chiyani? Tinawasudzula tokha pamaso pa anthu. Mlongo wanu nditamudandaulira anangoti, "Ndi munthu wawo, mwana wanga." Chonsecho ine ndinkadziwa kuti ku Ntchisi Abambo ndi mlendo. Anzawo onse ali kuno, mitengo yawo ili kuno, manda anu ali kuno. Akanapita, sakanaona mvula ina. Ndinachita mantha, Amayi, mantha amene sindinachitepo ngakhale tsiku la maliro anu. Ndinaona kuti chowasunga pano n'chimodzi basi: Mateyu adzawapeze ali panja, atakhala ngati munthu.

Nzeru inandipeza komwe sindinkaiyembekezera. Ndinapita kukasiya mayunifomu amene ndinasokera ana a mphunzitsi wina ku boma, ndipo pabalaza pawo ndinapeza chithumba chachikulu chili pansi, ana atagonapo. Mayi wa pakhomopo anati ndi mpando, ndiuyese. Ndinakhalapo ndikuseka, koma chisekocho chinathera m'njira. Chinthucho chinandigwira kumsana, m'nthiti, m'ntchafu, mbali zonse. Ndinayesa kupendekera dala kumanja, osagwa. Ndinadzuka n'kuyamba kuchitembenuza, kufufuza misoko yake, mpaka mayi uja anafunsa ngati ndataya ndolo.

Apa ndiye mukhale pansi, chifukwa ndinadula zitenje zanu. Zonse zimene zinandigwera pogawana zovala, zija ndinkazisunga mu sutikesi n'kumazinunkhiza ndikakusowani. Ndinaima nazo sizasi ili m'manja, mtima ukukana. Koma ndinu nomwe munkati chitenje chosavala n'chakudya cha njenjete, ndiye mlandu tigawana. Ndinadula chamawanga a nkhanga, cha buluu chamakiyi, cha ukwati wa Yosefe, ndi chobiriwira chija chakalekale chimene chinayamba kuyera m'mphepete. Ndinazilumikiza pa makina anu, msoko uliwonse kawiri. Thumba lam'kati ndinasoka ndi makatani olimba a pa kaunjika, ndipo zipi ndinachotsa pa chikwama chanu cha paulendo, kuti chakunjacho ndizichivula n'kuchapa. Masingano anathyoka, lamba wa makina anaduka, ndipo ndinalankhula mawu amene mkazi wa mpingo sayenera kulankhula. Kutalika kwake ndinayeza ndi chitseko, m'lifupi ndinapanga moti anthu awiri akwanepo. Ndinkafuna kuti kumbali yawo yofookayo kuzikhala munthu.

Zoikamo zinativuta. Ndinayesa makoko a mtedza m'kathumba kakang'ono, makoswe anakaboola asanathe masiku. Tinasintha, n'kutenga makoko a chimanga, poti tinali titangokolola. Amayi anzanu a kutchalitchi anabwera kudzang'amba makokowo kuti akhale tizingwe tating'ono tofewa, uku akuimba, uku akudya miseche, ndipo tinawayanika mpaka anauma gwa. Kalipentala wina wa pa Mponela, wokhoma mipando ya sofa, anandipatsa zidutswa za siponji zimene amataya. Tinasakaniza zonsezo pamphasa.

Tsiku lothira ndinaitanidwa ku maliro kutsidya, ndiye ntchitoyo ndinasiyira Yosefe. Apo ndi pamene ndinalakwitsa. Mwana wanuyo chibadwire sanaonepo thumba loti lisiyidwe ndi mpata. Kwa iye thumba losadzaza ndi manyazi a mlimi. Anathira makoko, n'kulowamo ndi mapazi, kuponda. Anatenga musi, kutsendera m'makona monse monga amachitira podinda fodya. Makoko atatha anakapempha ena kwa aneba. Pobwera ndinamupeza ataima pambali pake, thukuta kamukamu, akumwetulira.

"Alongo, taonani ntchito," anatero. "Umu ngakhale singano singalowe."

Nanenso ndinapusa, ndinaganiza kuti likhala pansi lokha munthu akakhalapo. M'mawa mwake tinawachonderera Abambo mpaka analola. Tinawanyamula, aneba ataunjikana kudzaona, n'kuwakhazika pamwamba pa belo la Yosefe lija. Sanakhalepo n'kamphindi komwe. Anagubuduka, ndipo tikanapanda kuwawakha akanamenyetsa mutu pakhonde. Wina kumbuyo anaseka, osati mwankhanza, koma Abambo anamva. Anatseka maso n'kunena liwu limodzi lokha: "M'nyumba."

Madzulo omwewo Mateyu anaimba foni kuti msewu wauma, galimoto wapeza, afika kumapeto kwa mwezi. Yosefe ndinamukalipira mawu oti sindingawalembe pano. Kenako ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kulira. Zitenje zanu ndadula, Abambo ndawachititsa manyazi, ndipo akupitabe.

Munandithandiza ndinu, kaya mukudziwa kaya simukudziwa. Kutacha ndinaona mlamu wanga akubereka Feliya kumbuyo, atamanga chitenje mothinitsa mpaka mwana akufiira. Pakamwa panga panangotuluka mawu anu aja: "Iwe, mwana si mtolo wa nkhuni, msiyire mpata." Ndinaima chilili, mawu anga omwe akundibwerera. Ndinathamangira chithumba chija, kutsegula zipi, kumasula thumba lam'kati, n'kuyamba kutulutsa makoko manja awiriawiri. Yosefe anagwira mutu.

"Alongo, mukuwononga! Ndinavutika nazo izi!"

Ndinatulutsa mpaka dengu linadzaza, lina linadzazanso, mpaka chinthucho chinafwafwanthika pansi ngati ng'ombe yotopa. Ndinamukankhira Yosefe pomwepo. Anamira, anayesa kugubuduka, analephera. Kenako anati, "Komatu ndiye bwino." Kupepesa kwa mwana wanuyo kumathera pamenepo.

Abambo anakanitsitsa kuyesanso, ndipo sindinawakakamize. Ndinangochikokera kuchipinda kwawo, n'kuchisiya pafupi ndi bedi. Tsiku loyamba sanachiyang'ane. Lachiwiri ndikulowa ndi phala ndinapeza atatembenuka, dzanja lawo lamanzere lili pa chigamba chobiriwira chija, akuchisisita ndi chala.

"Ichi," anatero pang'onopang'ono, "ndinagula ine. Pa Mponela. Amayi ako anati mtundu wake ndi woipa."

"Nanga bwanji anachivala mpaka kuyera?" ndinafunsa.

Anaseka, Amayi. Kuseka kwa mbali imodzi ya pakamwa, koma kuseka ndithu, koyamba chigwereni m'munda muja. Kenako anati, "Ndikhazike."

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse, nkhungu ikangochoka, ine ndi Yosefe timatulutsa mpando wawo pakhonde, kenako eni ake. Umawagwira mbali zonse, sapendekeranso. Chilonda chija chauma. Amaswa mtedza ndi dzanja limodzi, akuukanikiza pa kathabwa, theka n'kudya okha, lina nkhuku n'kuba. Anzawo a nsolo abwereranso, ndipo akuti kubera sanaiwale. Mlamu akamapita kumadzi amagoneka Feliya m'kachigwa ka kumanja kwawo, ndipo dzanja lofooka lija layamba kusuntha zala pofuna kugwira kaphazi kake.

Mateyu anafika Loweruka lapitali, ndi galimoto ya pikapu, matiresi atayala kale kumbuyo. Anatsika, anayenda pang'ono, n'kuima pabwalo. Abambo anali pakhonde atavala jekete lawo la kutchalitchi, mwana ali pambali, lichero la mtedza pamiyendo. Mateyu anagwada n'kuwalonjera, ndipo ananena zimene anatumidwa, kuti azakhali akonza kale chipinda ndipo akudikira mlongo wawo.

Abambo anandikodola kuti ndinyamule mwana, n'kumenya ndi dzanja pamalo pamene panatsala. "Mateyu, khala apa."

Mateyu anakhala mwaulemu, ngati akukhala pa benchi ya tchalitchi. Anamira, miyendo m'mwamba, chipewa pansi. Ndinayesa kudzigwira, ndinalephera, ndipo chisuweni chathu chinabwerera pomwepo. Abambo anadikira mpaka chiseko chitatha. Kenako anaika dzanja pa chitenje chobiriwira chija, nalankhula mawu ambiri kuposa onse amene analankhula chidwalireni.

"Ukawauze mayi ako kuti ndathokoza. Koma ukawauzenso izi. Anandisudzula ndi abale a mkazi wanga. Iye sanandisudzule."

Mateyu anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anatola chipewa chake n'kupukuta nacho m'maso. "Ndamva, amalume," anatero. Anadya nafe, tinamupatsa mtedza ndi nkhuku ya kwa Yosefe, ndipo matiresi anabwerera opanda munthu. Ali pagalimoto anandikuwira kuti, "Iwe mfiti, usokere china mayi, mawondo awavuta!" Ndinamuuza kuti abweretse zitenje zake, za amayi anga zatha.

Zathadi, Amayi. Mu sutikesi mulibe kanthu, ndipo fungo lanu lija linachoka nditangochapa koyamba. Tsopano zitenje zanu zimanunkha dzuwa, mtedza ndi mkodzo wa mdzukulu wanu. Ndinkaganiza kuti zidzandipweteka, koma ayi. Galimoto ija itazimiririka kuseri kwa phiri ndinakhala pansi pakhonde, n'kupuma mpweya umene ndinaugwira kuyambira nthawi ya mvula. Usiku umenewo ndinagona tulo tofa nato.

Ndisiyire pomwepa, dzuwa lapendeka ndipo ndiyenera kuwalowetsa kusanazizire. Mwamuna wanu ndikusungirani ine, pakhonde panu pomwe, pa nsalu zanu, mpaka tsiku limene mudzamuitane nokha. Limenelo ndi lonjezo langa. Koma chonde, Amayi, ndikukudziwani kusaleza mtima kwanu. Musafulumire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati