Leza ya Madalitso yakhazikika

Lachinayi madzulo, Chilomoni. Tsiku lowawa.

Madalitso, yemwe uja ankakopera fizikisi kwa ine ku koleji, watumiza uthenga ali kunja kwa dziko. Leza yake yoyendera dayodi, makina otulutsa kuwala kowongoka ngati ulusi, yakhazikika pa frikwensi imodzi tsiku lonse, kuwalako osagwedera. Ndayankha kuti, "Mwaitha achimwene," koma nsanje ikundidya.

Yanga ili ndi zipangizo za dayodi ndi kristalo ngati zakezo, koma lole ikangodutsa pafupi ndi labu yomwe ndimachitiramo kafukufuku, frikwensi imalumpha. Iye anamugulira tebulo loyandama pampweya, losamva kugwedezeka. Ine pansi pa langa ndinayika machubu a wilibala ogula ku Ndirande, ndipo lero aphwa.

Tsopano akufunsa kuti kafukufuku wanga wafika pati. Ndimuuze kuti wafika kwa omata matayala?