Kabotolo Kamene Ndinakwirira

Tahta, 9 Malichi 2004

Okondedwa bambo a Hoda, mwana wanga,

Mulungu akusungeni ku Kuwait komweko. Zilembo zanga zili ngati mopalasa nkhuku, koma nkhani iyi sindingalembetse munthu wina.

Pa foni ndinakuuzani kuti zotsatira za Nagat zikuchedwa chifukwa madokotala ndi aulesi. Ndinanama. Tsiku limene anachotsa chotupa m'bere la mkazi wanuyu, namwino anandipatsa kabotolo, kanyamako kali m'madzi onunkha, nati ndikapereke kopimitsa. Ine ndinati mumtima, mnofu wa munthu si phwetekere woti alendo aziduladula. Mayi anga ngakhale tsitsi ankakwirira. Ndinapita kumanda n'kukwirira kabotoloko pambali pa bambo anu kuti andisungire, ngakhale ali moyo sanasungepo kanthu.

Masiku asanu ndi anayi Nagat ankangondifunsa ndi maso. Lakhumi, akukanda ufa wa buledi ndi dzanja limodzi, anati, "Amayi, ngati ndi matenda aja ndiuzeni, ndiyambe kuphunzitsa Hoda kuphika." Ndinamukalipira kuti mchere wachepa, kenako ndinatenga khasu.

Wopimayo ndi Dokotala Ibtisam, woonda ngati bango. Ataona dothi pa kabotolo, ndinaulula zonse. Sanaseke. Anangofunsa ngati ndinatsegula. Ndinati fungo ndi limene linandiletsa, iye nati madzi onunkhawo ndiwo asunga nyamayo kuti isawole. Anaiumitsa m'phula, naidula mopyapyala kuposa khungu la anyezi. Nditabwerera Lachinayi, anandilola kusuzumira pa makina ake okulitsa tinthu. Ndinangoona maluwa ofiirira ngati a pa diresi la ukwati. Iye ndiye anawerenga: ndi matenda aja. Koma akuti m'mphepete monse ndi moyera, chotupa chinachoka chonse, ndipo mankhwala ayambe msanga kuchipatala cha ku Asyut. Ndinafunsa ngati masiku anga khumi aja amupha mwana wa eni.

"Ayi, Hajja," anatero, kunditchula mwaulemu. "Koma musawonjezerepo lina."

Za matendawo Nagat ndamuuza. Za kumanda pakamwa pakana. Bwerani, mwana wanga. Musatumize bulangete lina, bwerani nokha.

Hoda akupereka moni. Mkazi wanu akupuma, ufa ndikukanda ndine. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikunena kuti buledi wake sakoma. Pamenepanso ndinkanama.

Ndine mayi anu,
Zakiya